A Phulusa ndi Fayilo ya Wakutsidya

Achimwene anga anagwira ntchito ya boma zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ntchito yake inali yotentha mapepala. Anthu akamva choncho amaseka, amayesa ndikuwanyoza. Sindikuwanyoza ayi. Ntchitoyo inalipodi, inali ndi ovolosi yake, magolovesi ake ndi kaundula wake. Pansi pa nyumba yaikulu yosungiramo mafayilo akale a boma panali chipinda chopanda mazenera, ndipo kuseri kwa chipindacho kunali ng'anjo ya njerwa. Mafayilo amene akuluakulu aweruza kuti alibenso ntchito ankatsikira kumeneko ali m'mitolo. Achimwene ankakweza mitoloyo pa wilibala, n'kukaiponya pamoto, n'kumatakasa ndi chitsulo mpaka pasatsale ngakhale kangodya kolembedwa. Poweruka ankafika kunyumba atatuwa mbuu, tsitsi ndi nsidze zomwe. Anzawo anawapatsa dzina loti a Phulusa, ndipo linawakanirira mpaka lero.

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndimagulitsa mchere, sopo, machesi ndi makandulo pa benchi langa pamsika, ndipo pakamwa panga anthu amapadziwa. Tinabadwa awiri okha, koma mutatiika pamodzi simunganene kuti mimba ndi imodzi. Ine ndikaona mzere wautali ndimayang'ana amene ndikumudziwa kutsogolo. Achimwene akaona mzere amafunsa kumene ukuthera, n'kukaima komweko, asanadziwe n'komwe kuti ndi mzere wa chiyani.

Ntchito yawo inali ndi lamulo limodzi lalikulu: wotentha satsegula. Mafayilo ankamangidwa makumi asanu pa mtolo ndi chingwe chofiira, atawagoneka chafufumimba kuti mayina asaoneke, ndipo pamwamba pankangokhala kapepala ka nambala. Anzawo onse lamulolo ankaliponda. Ankamasula mitolo, kuwerenga za anthu, kuseka za maukwati otha ndi milandu ya mabwana, ndipo mapepala abwinoabwino ankatuluka nawo m'malaya n'kudzagulitsa kumsika kuno okulungira zinthu. Achimwene ayi. Ndinawapemphapo kangapo konse.

"Achimwene, tangonditengerani ochepa okulungira mchere. Akukapsa kale amenewo."

"Za boma ndi za boma, mlongo wanga. Za anthu zili m'menemo si zanga, si zakonso."

Choncho ndinkagula manyuzipepala akale, ine mlongo wa munthu wotentha mapepala odzaza lole sabata iliyonse. Akuluakulu ataona kuti pali munthu mmodzi wosasuzumira anawaika kukhala mkulu wa ng'anjo, ndipo mitolo yonse yovuta inkadutsa m'manja mwawo okha. Popuma ntchito anawapatsa wotchi ya pakhoma ndi kalata yowayamikira. Kalatayo anaiika m'felemu pabalaza. Za chifuwa chimene anatuluka nacho kumeneko, m'kalatamo mulibe.

Tsopano za agogo athu. Bambo a bambo athu sanabadwire m'dziko muno. Anabwera nthawi ya atsamunda pa sitima yapamadzi, m'gulu la amisiri amene anawatenga kutsidya kwa nyanja kuti adzamange milatho ya njanji. Anthu ankangowatchula kuti Wakutsidya. Anakwatira agogo athu aakazi, anabereka mwana mmodzi, n'kumwalira mwanayo asanayambe kuzindikira. Anatisiyira zinthu ziwiri: tsitsi lofewa limene ankatiseka nalo kusukulu, ndi kachitsulo kozungulira, kobooka pamwamba, kodindidwa nambala 4417. Akuti ankakavala m'khosi pantchito. Kankakhala m'chitini cha mabatani cha malemu mayi athu, ndipo tili ana tinkakaseweretsa. Za munthuyo palibe ankaziganizira, wakufa anali wakufa basi.

Achimwene anabereka mwana mmodzi, wamkazi, ndipo mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkamuitana Nesi kuyambira ali wamng'ono, chifukwa ankamanga nkhuku mabandeji a nsanza, ngakhale nkhuku zosadwala. Dzinalo analitsata. Anaphunzira za unamwino zaka zitatu ndipo anakhoza bwino kuposa anzake ambiri. Tsiku la zotsatira achimwene anamugulira nsapato zoyera, zija za anamwino, n'kubwera nazo m'bokosi atalikumbatira ngati khanda.

Chaka chomwecho boma linabweretsa ziphaso zatsopano za unzika. Aliyense ankayenera kudzaza fomu, ndipo pa fomupo panali funso loti agogo aamuna, obereka bambo, anabadwira kuti. Ine ndinalemba dzina la mudzi wa mayi athu, mtima uli m'malo, ndipo patatha masabata awiri chiphaso changa chinatuluka. Achimwene analemba zoona. Wapazenera wa ku ofesi ya unzika anayang'ana fomuyo, n'kuwayang'ana tsitsi, n'kulowetsa mu kompyuta. Kuchokera tsiku limenelo munthu amene anatumikira boma moyo wake wonse anakhala mlendo wodikira kufufuzidwa. Ndipo popeza lamulolo limatsata bambo, Nesi nayenso anakhala mlendo.

Ndinawakalipira mpaka mawu anandithera.

"Mwalemberanji zimenezo? Ndani akanakufunsani umboni? Munthu anaola kalekale."

"Anandifunsa funso, ndinayankha."

"Ndiye pitani mukafufute."

"Akuti zikalowa mu kompyuta sizituluka."

Vuto lake linali ili. Bungwe lolembetsa anamwino sililemba munthu wopanda chiphaso, ndipo wosalembedwa saloledwa kugwira wodwala m'chipatala chilichonse. Komanso zotsatira za mayeso zimakhala ndi moyo zaka ziwiri zokha. Zikadutsa usanalembetsedwe, zaka zitatu za sukulu zija zalowa m'madzi. Ku ofesi ya unzika anati njira ilipo imodzi: tibweretse chikalata chosonyeza kuti atsamunda anamulola Wakutsidya kukhazikika, osati kuti anangotsalira kontirakiti itatha. Chikapezeka chimenecho, bambo ndi mwana alandira ziphaso tsiku lomwelo.

Achimwene anatulutsa kachitsulo kaja m'chitini, anakapukuta mpaka nambala kuwala, n'kukavala m'khosi. Anagula kope la ana asukulu ndi mabolopeni awiri. Kunena zoona, miyezi yoyambayo ankaoneka ngati munthu amene wapeza ntchito yatsopano. Mapepala ankawalemekeza, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti pepala silingataye munthu woona mtima.

Anayambira kutchalitchi kumene bambo athu anabatizidwira. Mlembi wa patchalitchipo, nkhalamba yogontha khutu limodzi, anawadikiritsa masiku atatu asanapeze kiyi wa kabati. M'kaundula wa ubatizo munali mzere umodzi wa inki yofiirira: dzina la bambo athu, chaka, ndipo pamalo pa bambo wa mwana panali dzina lenileni la Wakutsidya, ndi mawu oti mmisiri wa njanji, mlendo. Aka kanali koyamba kuliona dzinalo litalembedwa. Achimwene analikopera m'kope mwawo chilembo chimodzichimodzi.

Kuchoka apo anapita ku kampani ya njanji. Ulendo umenewu ndinatseka benchi n'kupita nawo, chifukwa chifuwa chinali chitawakola ndipo ndinkaopa kuti agwera panjira. Mabuku akale a kampaniyo anali m'shedi ya malata kuseri kwa siteshoni, pamodzi ndi mipando yothyoka ndi nyali zakufa. Chiswe chinali chitadya theka. Mlonda anatitsegulira n'kutiuza kuti tisamale njoka. Tinkapitako m'mawa uliwonse sabata yathunthu, ine ndikunyamula mabuku ndi kutukwana fumbi, iwo akutsata manambala ndi chala. Lachisanu masana chala chija chinaima.

Nambala 4417. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Wosema miyala. Chipsera pa dzanja lamanzere. Dzina la sitima imene anakwera, ndi mwezi umene inafika. Kenako panali malo olembapo abale osiyidwa kwawo, ndipo panali mayina atatu: mayi ake, mkazi wake, ndi mwana wamkazi wa chaka chimodzi.

"Taonani amuna," ndinatero. "Kusiya mkazi ndi khanda kutsidya n'kudzayamba zina kuno. Agogo aakazi anamwalira akudziyesa oyamba."

Achimwene sanaseke. Chala chawo chinali chikadali pa dzina la kamwanako.

"Ndiye kuti bambo anali ndi mlongo wawo," anatero. "Anamwalira akudziyesa okha."

Anakopera mayina atatuwo m'kope, ndipo ndinaona msozi ukudula njira pa fumbi la patsaya lawo. Nanenso ndinapukuta m'maso, koma ndinanamizira fumbi. Kwinakwake kutsidya kuli anthu a mphuno ngati yathu, amene mwina agogo awo anadikira kalata mpaka kufa. Zimenezo zinandiwawa kuposa m'mene ndinkayembekezera.

Tinatengera fotokope ya tsambalo ku ofesi ya unzika. Anati nzabwino, koma zikungosonyeza kuti munthuyo anabwera, sizikusonyeza kuti analoledwa kukhala. Achimwene analemba kalata kudoko. Yankho linabwera patatha miyezi inayi, ndi mndandanda wa anthu a m'sitima ija, dzina la Wakutsidya lili pakati. Ku ofesi anati nzabwinonso, koma zikungosonyeza kuti anatsika. Analemba makalata ena asanu ndi awiri, atatu okha ndiwo anayankhidwa, onse owauza kuti akafunse kwina. Chaka chinatha choncho, china n'kuyamba kudyeka.

Nthawi yonseyi Nesi ankandithandiza pa benchi. Nsapato zoyera zija zinali m'bokosi pamwamba pa kabati kwawo. Anzake a m'kalasi ankadutsa pamsika poweruka kuchipatala, atavala mayunifolomu, n'kumagula sopo. Ankawagulitsa akumwetulira, kuwafunsa za kuwodi, ndipo akachoka ankatembenukira kukhoma n'kumasanja makandulo osanjidwa kale. Nesi sanawadandaulire bambo ake ngakhale tsiku limodzi. Ine ndikanakonda akanatukwana, chifukwa kukhala chete kwakeko kunkatilasa tonse.

Kutatsala miyezi inayi, achimwene anapeza kaundula wa imfa wa chipatala chakale cha antchito a njanji. Anali m'katoni, m'chipinda chosungiramo matiresi ong'ambika. M'menemo ndimo tinadziwira m'mene Wakutsidya anafera. Mwala unamugwera pa mlatho, unamuphwanya chiuno, ndipo anakhala masiku asanu ndi anayi asanatsirizike. Anaikidwa m'manda a antchito, opanda mwala, munthu amene moyo wake wonse anasema miyala. Kumapeto kwa mzerewo kunali timawu tina: za chilolezo, onani fayilo 913, ofesi ya alendo.

Anafika pa benchi panga akupumira m'mwamba, maso akuwala.

"Mlongo, tapeza nambala. Mafayilo a ofesi ya alendo ndikudziwa kumene ali. Ali kwathu."

Kwathu kumene ankanenako kunali kuntchito kwawo kwakale kuja. M'mawa mwake anavala jekete, ine ndinavala diresi la kutchalitchi, chifukwa ndinkafuna kuliona ndi maso anga pepala limene linatizunza chonchi. Nesi tinamusiya pa benchi.

Nyumbayo inali itasintha. Ng'anjo anaitseka ndi simenti, masiku ano akuti amadula mapepala ndi makina. Woyang'anira anali mayi wa magalasi, wa msinkhu woti akanakhala mwana wanga, ndipo atamva dzina anaimirira.

"Ndinu a Phulusa aja? Mbiri yanu timaimva, bambo. Akamatilangiza amatchula inu."

Achimwene anawongola khosi, anasangalala. Mayiyo analemba nambala ija, anayang'ana mu kompyuta, kenako analowa m'kati. Tinamva makwerero akukokedwa, mashelefu akugunda. Anatenga nthawi. Pobwera ananyamula buku lalikulu lakuda, la msana wofiira, ndipo ndinaona nkhope ya achimwene ikugwa bukulo lisanafike patebulo. Ankalidziwa. Linali kaundula wa zotenthedwa.

Sanadikire kuti awatsegulire. Anatembenuza masamba okha, pang'onopang'ono, osanyowetsa chala, m'mene anaphunzitsidwira. Anaima pa tsamba la zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo. Mtolo 62, mafayilo a ofesi ya alendo, 901 mpaka 950, watenthedwa wonse. Pambali panali ndemanga yoti mtolowo unali wonyowa ndipo unathiridwa palafini. Pansi panali siginecha ya zilembo zowongoka ngati mpanda, imene ndimaidziwa kuyambira ndili mtsikana.

Kenako pakamwa panga paja panatseguka, ndipo ndimadzida nazo mpaka lero.

"Mukanangotsegula kamodzi kokha, achimwene. Anzanu onse ankatsegula. Munawanyamula agogo pa wilibala, anakana kuyaka, inu n'kuwathira palafini."

Anangogwira kachitsulo ka m'khosi kaja.

Mayi wa magalasi anali ndi mtima wabwino, ndipo mtima wake wabwinowo ndi umene unatimaliza. Analowanso m'kati n'kubwera ndi fayilo 951, ya mtolo wotsatira, umene sunatenthedwe. Inali ya munthu wina wa m'sitima yomweyo. M'kati munali chilolezo chokhazikika, pepala lachikasu la chidindo chozungulira, ndipo pakona panali chithunzi cha mwiniwake, mnyamata wa kolala yothina. Achimwene anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti munalinso chithunzi chawo," anatero.

Mayiyo anatijambulira tsamba la kaundula lija. Potipatsa analankhula akuyang'ana patebulo. Anati pali lamulo lakale loti boma likawononga lokha fayilo, wantchito amene anaona zam'kati akhoza kulumbira pamaso pa mkulu wa unzika, ndipo lumbiro lakelo limalowa m'malo mwa chikalata. Anatiuza tsamba la lamulolo, kenako anati iye sananene kanthu.

Anzawo a kung'anjo anali atamwalira onse, chifuwa chomwechi. Komanso tsiku lotentha mtolo uja wosaina anali mmodzi yekha, achimwene. Ndinawakhalira pakhosi masiku atatu.

"Mawu awiri okha, achimwene. Ndinatsegula, ndinaona. Basi."

"Sindinatsegule."

"Ndikudziwa kuti simunatsegule. Dziko lonse likudziwa, anakupatsirani wotchi. Ndikunena za mwana."

"Nanga ngati munali kalata yowakana?"

"Ndiye inapsa, munawachitira chifundo. Munthu anakwatira kuno, anabereka kuno, anafera pa mlatho wawo. Chilolezo china choposa pamenepo n'chiti?"

"Bodza sindilitha, mlongo wanga."

"Ndikuphunzitsani. Ine ndimagulitsa makandulo ndikulumbira kuti amayaka mpaka m'mawa."

Anapukusa mutu masiku onse atatu. Chimene chinawathyola si ine. Tsiku lachinayi anabwera pamsika n'kupeza nsapato zoyera zija zili pa benchi panga, pakati pa sopo ndi machesi. Nesi anali atazibweretsa kuti zigulitsidwe, akuti zikungodya malo ndipo zayamba kuchita chikasu. Achimwene anazinyamula, anazipukuta ndi mkono wa jekete, n'kuzibwezera m'bokosi.

"Mawa tipita," anatero.

Masana amenewo ndinawaphunzitsa ngati mwana wa sukulu. Chingwe chinaduka, mtolo unamwazika, fayilo imodzi inatseguka, munaona dzina la agogo anu, pepala lachikasu, chidindo chozungulira. Ankabwereza pambuyo panga atatseka maso, thukuta lili kamukamu. Pamene ankalakwitsa ndinkawakalipira. Ndinali wonyada ndi ntchito yangayo, ndisaname.

Mkulu wa unzika anali bambo wa imvi, waulemu, wooneka wotopa. Anatipatsa mipando tonse atatu, ine, achimwene ndi Nesi. Anamvetsera nkhani yonse, anaona mapepala a kutchalitchi, a njanji, a kudoko ndi a kuchipatala, ndipo anati sanaonepo munthu wofufuza mwadongosolo chonchi. Kenako anawauza achimwene kuti aimirire, akweze dzanja lamanja.

Ananena zonse. Sanaphonye ngakhale liwu limodzi: chingwe, mtolo, dzina, pepala lachikasu, chidindo. Mkuluyo ankalemba. Ine mtima unayamba kutsika, ndinamugwira Nesi dzanja pansi pa tebulo. Atamaliza kulemba, mkuluyo anatenga fotokope ya kaundula ija, imene tinabwera nayo tokha, kuti aiphatikize. Anaiyandikitsa kumaso. Sanayang'ane pa mzere wa mtolo, anayang'ana pamwamba penipeni pa tsamba, pamene panali timalemba ting'onoting'ono ta makina. Ine ndinali ndisanatiwerengepo.

Anawerenga mokweza, mosathamanga: "Ine wosaina pansipa ndikulumbira kuti mitolo yonse yolembedwa pa tsamba lino ndaitentha yomanga, osatsegula, osawerenga."

Anaika pepalalo pansi n'kuvula magalasi.

"Bambo, mundithandize. Pano pali malumbiro awiri, onse anu. Ngati munaona, ndiye kuti munanama tsiku lija. Ngati simunaone, mukunama lero. Ndikhulupirire liti?"

Ndinawaponda phazi. Akanangonena kuti ananama kale, mwina zikanayenda, kaya. Koma ndinkawadziwa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi zinali pa tsamba limenelo, ndipo munthu sangalavule moyo wake wonse kawiri m'mawa umodzi.

"Lija ndi loona, bwana," anatero. "Sindinatsegule."

Mkuluyo anavalanso magalasi. Kenako anatenga pepala limene ankalemba lija, analing'amba pakati, n'kuling'ambanso.

"Ndikalowetsa ili ndiyenera kuitana apolisi, ndipo sindikufuna. Tinene kuti simunabwere lero. Nkhani yanu ikhala yotsegula. Mukadzapeza chikalatacho mudzabwere."

Nesi ndiye anaimirira poyamba. Anasonkhanitsa mapepala onse bwinobwino, anawaika m'chikwama, n'kupita pamene anaima bambo ake. Dzanja lawo lamanja linali likadali m'mwamba, anali ataliiwala.

"Bambo, tsitsani dzanja," anatero. "Tiyeni kunyumba."

Tili pamalo odikirira basi ndinawafunsa ngati ankadziwa za timalemba tija.

"Ndinasaina pansi pa mawu amenewo moyo wanga wonse. Ndimawaloweza."

"Ndiye bwanji simunandiuze? Lumo ndili nalo. Tikanadula pamwambapo, palibe akanadziwa."

Anandiyang'ana modabwa zenizeni, maso ofiira.

"Kudula pepala la boma?"

Ndinafuna kuwamenya, ndinafunanso kulira, ndipo basi itabwera ndinakwera ndisanachite chilichonse. Ndinawakakamiza munthu wamkulu kunama pamaso pa mwana wake, bodza loyamba m'moyo wawo, ndipo silinagule kanthu. Mlandu umenewo ndi wanga, sindiukana.

Zaka ziwiri zija zinakwana pa tsiku lake, palibe anazitchula. Lero Nesi amagwira ntchito m'nyumba ya anthu ena olemera, amasamalira gogo wawo wofa ziwalo. Amamusambitsa, kumutembenuza, kumutsuka zilonda za pamsana, ndipo madokotala akabwera amadabwa kuti zilondazo zikupola bwanji. Eni nyumba amamutchula kuti wantchito. Nsapato zoyera zija amavala kumeneko, akuti siziterera m'bafa. Kunyumba amawaphikira bambo ake, amawapatsa mankhwala a chifuwa pa nthawi yake, ndipo amalankhula nawo mwaulemu ngati mlendo. Dzina loti Nesi anatipempha kuti tisiye kumuitanira.

Achimwene anachotsa kalata ya m'felemu ija, pakhoma panangotsala msomali. Kope lawo akadali nalo, ndipo nthawi zina amawerenga mayina atatu a kutsidya aja chamumtima, milomo ikugwedera. Kufufuza anasiya. M'malo mwake anayamba khalidwe lina. Sadutsa pepala. Likhale la m'ngalande, likhale lomata pa mtengo wa magetsi, likhale lokulungira nsomba, amalitola, kuliwongola pa bondo, n'kuliwerenga mbali zonse ziwiri. Ana a mumsewu amawaseka, akuluakulu amati mutu wayamba kuzungulira. Mutu wawo uli bwinobwino.

M'mawa uliwonse amabwera pa benchi panga n'kukhala pa kreti pambali pa mulu wa mapepala okulungira. Ambiri ndimagula kwa anyamata a m'maofesi masiku ano, ndipo mumapezeka zosiyanasiyana: mafomu, makalata, zotsatira za kuchipatala. Ndinawafunsa tsiku lina kuti akufunafuna chiyani, poti mtolo 62 anautentha okha ndipo ntchito yawo siinkasiya kangodya.

"Palibe," anatero. "Ndikungoona kuti ndi za ndani."

Akapeza dzina la munthu amalitchula motsitsa, kenako n'kundipatsa pepalalo. Zimachedwetsa malonda. Dzulo mayi wina anaima ndi mchere wake m'mbale yoyezera, akugwedeza phazi, n'kufunsa ngati pano timagulitsa kapena timaphunzitsa sukulu. Masiku akale ndikanamuyankha zoti akasimbe kwawo. Ndinangomuuza kuti adikire pang'ono, achimwene sanamalize kuwerenga.